Tizidutswa tosaoneka ndi maso topha khansa: kodi tidzafika ku Ndirande?

M'mawa uliwonse minibasi zochokera ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri zimatsitsa odwala opita kuchipatala cha Gulupu mumzinda wa Blantyre. Ena mwa iwo akulimbana ndi khansa: ya khomo la chiberekero, yomwe yasautsa Malawi kuposa maiko ambiri padziko, ya kummero, kapena ya Kaposi yotulutsa mabanga pakhungu. Ambiri amafika matenda atazika kale mizu.

Vuto la mankhwala a chemotherapy nlakuti sasankha. Amapha maselo a khansa pamodzi ndi abwinobwino, n'chifukwa chake wodwala amathothoka tsitsi, amachita nseru ndiponso amafooka. Akatswiri akhala akufunafuna chida chokantha chotupa chokha, ndipo china chomwe akuchiyembekezera ndi tizidutswa totchedwa nanozyme.

M'thupi muli tinthu totchedwa ma enzyme tofulumizitsa ntchito monga kugaya chakudya. Munthu akathira hydrogen peroxide pabala, thovu lomwe limatuluka ndi ntchito ya enzyme ya catalase. M'chaka cha 2007, gulu la Yan Xiyun la ku Chinese Academy of Sciences mumzinda wa Beijing linapeza kuti tizidutswa ta chitsulo cha iron oxide, tochepa kambirimbiri kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi, timagwira ntchito yofanana ndi enzyme ya peroxidase. Ubwino wa tizidutswa ta nanozyme timeneti ngwakuti sitiwonongeka msanga ndi kutentha, komanso sitidula kupanga.

Chinsinsi chagona m'chotupa momwemo. Muli asidi ndi hydrogen peroxide wochuluka kuposa m'minofu yabwino. Tizidutswato tikafikamo, timasandutsa hydrogen peroxide kukhala poizoni yowononga maselo a khansa, pomwe m'malo athanzi sitichita zambiri. Tina, ta manganese dioxide, timatulutsa okosijeni mkati mwa chotupa. Izi nzofunika chifukwa chotupa chosowa okosijeni chimakana kufa ngakhale achiwotche ndi makina a radiotherapy, omwe mumzinda wa Blantyre anayamba kupezeka mu 2024 pomwe International Blantyre Cancer Centre inatsegulidwa.

Komabe kafukufuku wambiri akadali m'malabotale ndi pa mbewa zoyeserera. Akatswiri akufufuzabe kuti tizidutswato timatuluka bwanji m'thupi, popeza tambiri timakaunjikana m'chiwindi. Choncho wotsatsa "mankhwala a nano ochiza khansa" pa Facebook kapena WhatsApp angofuna ndalama zanu.

Ngakhale mankhwalawa atavomerezedwa, funso la mtengo lidzatsalabe. Mu 1995, dziko la America linavomereza Doxil, mankhwala okutidwa m'timatumba ta mafuta tosaoneka ndi maso, pochiza khansa ya Kaposi, yomwe yapha Amalawi ochuluka m'nyengo ya Edzi. Chifukwa chodula, odwala athu ambiri akhala akulandira vincristine ndi bleomycin, kapena paclitaxel. Kuti zimenezi zisadzabwerezeke, sukulu za ukachenjede za KUHeS ndi MUBAS, komanso bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome lomwe lili pa Gulupu pomwepo, zikuyenera kulowa nawo m'kafukufuku wotere msanga, ndipo boma lidzamenyere mitengo yomwe chipatala cha anthu wamba chingakwanitse.

Pakadali pano chida champhamvu tili nacho kale m'manja. Kuyambira mu 2019 boma likupereka katemera wa HPV, woteteza ku khansa ya khomo la chiberekero, kwa atsikana. M'zipatala zing'onozing'ono za boma amayi amayezedwa khomo la chiberekero ndi viniga, kwaulere, ndipo zizindikiro zoyambirira zikapezeka amaziwotcha zisanasanduke khansa.

Amayi, musadikire mankhwala omwe akadali ku labotale: pitani mukayezetse mwezi uno. Makolo, onetsetsani kuti atsikana anu alandira katemera. Abambo, chakudya chikayamba kukakamira pakhosi kapena pakhungu pakatuluka mabanga achilendo, thamangirani kuchipatala.