Amisiri a Mawu, Anthu Okhala Kuseri kwa Mikisa ndi Kompyuta

Nyimbo imene timamva pa wayilesi, ulaliki umene odwala amaonera pa Facebook ali kunyumba, ngakhalenso msonkhano wa pa Zoom umene watha popanda wina kudandaula kuti sakumva, zonsezi zimadutsa m'manja mwa munthu amene ambiri sitimudziwa dzina. Amakhala kumbuyo, mahedifoni ali kukhutu, maso ali pa kompyuta, zala zili pa mikisa. Ku situdiyo amamutcha injiniya kapena pulodyusa, kutchalitchi amangoti mnyamata wa zokuzira mawu. Ntchito yake ndi kulowetsa mawu a munthu m'kompyuta ali bwinobwino, n'kuwatulutsanso osasweka.

Kale woimba akafuna kujambula nyimbo ankalowera ku situdiyo za MBC ku Blantyre, wayilesi imene inayamba mu 1964. M'zaka za m'ma 1990 maso anatembenukira ku Balaka, kumene Paul Banda anajambula oimba ambiri amene anadzatchuka. Lero zinthu zinasintha. Laputopu imodzi, mayikolofoni imodzi ndi pulogalamu monga FL Studio kapena Cubase n'zokwanira kutsegula situdiyo m'kachipinda ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Chibavi, makoma atamatidwa masiponji kuti mawu asamabwerere. Kuchuluka kwa zipangizo kwachulukitsanso anthu odyera ntchitoyi.

Anthuwa ali m'magulu angapo. Alipo ojambula nyimbo ndi malonda olengezedwa pa wayilesi. Alipo a m'nyumba zoulutsira mawu, kuyambira zikuluzikulu monga Zodiak imene inayamba mu 2005, mpaka wayilesi za m'madera monga Dzimwe ku Mangochi, kumene munthu mmodzi amatha kujambula mlendo, kudula mawu ndi kuwaulutsa yekha. Gulu lalikulu ndi la oyendetsa zokuzira mawu m'matchalitchi, pa maukwati, pa zinkhoswe ndi pa maliro. Chibwerereni Covid-19 mu 2020, pamene misonkhano inachepetsedwa, ambiri mwa amenewa anaphunzira kulumikiza mikisa ku laputopu kuti mapemphero azimveka pa intaneti.

Luso lawo limayambira pa timabowo ting'onoting'ono. Kompyuta ya patebulo imakhala ndi mabowo a mamilimita 3.5 opakidwa mitundu: lapinki ndi la mayikolofoni, lobiriwira ndi la mahedifoni kapena masipika, labuluu ndi lolandira mawu ochokera ku chipangizo china. Malaputopu ambiri a masiku ano ali ndi bowo limodzi lokha logwira ntchito ziwiri. Mmisiri amatenga kapulagi, n'kuwerenga timizere take. Timizere tiwiri, ndiye kuti ndi ka mahedifoni okha. Titatu, kamanyamulanso mayikolofoni. Kasitomala akabwera ndi mahedifoni a mapulagi awiri, laputopu yake ili ya bowo limodzi, mankhwala ake ndi kawaya kolumikiza mapulagi awiriwo kukhala imodzi. Akalumikiza samathera pomwepo. Amatsegula pamene Windows imasankhira chipangizo cholowetsera mawu, chifukwa nthawi zambiri kompyuta imakhala ikumvetserabe ndi kamayikolofoni kake ka m'kati, yatsopanoyo ili chete.

Mayikolofoni za ku situdiyo ndi za pa guwa zili ndi njira ina. Zimagwiritsa ntchito pulagi yonenepa ya mapini atatu yotchedwa XLR, imene singalowe m'laputopu. Pakati pamafunika kabokosi kamene anyamata amakatcha sound card, monga ka Focusrite kapena Behringer, kolowa pa USB. Mayikolofoni ya condenser, imene imatola ngakhale mpweya wa woimba, imafuna mavoti 48 ochokera m'kabokosiko, ndipo batani lake likapanda kudinidwa imangokhala duu ngati yakufa. Ya dynamic, monga Shure SM58 imene imapezeka m'matchalitchi ambiri, sifuna zimenezo. Mmisiri wodziwa salowetsanso waya wochokera ku mikisa m'bowo la mayikolofoni mwachisawawa, pakuti mphamvu ya mikisa ndi yaikulu ndipo mawu amatuluka ophwanyika. Woimba akamajambula amamuveka mahedifoni a waya otseka khutu lonse. A Bluetooth amachedwetsa mawu pang'ono, moti woimba amatsalira m'mbuyo mwa ng'oma, pamene osatseka bwino amataya kaimbidwe n'kulowanso m'mayikolofoni.

Pamene mmisiri weniweni amaonekera ndi pa phokoso. Pali kung'ung'udza kuja kwa "ng'uuu" kumene kumayamba laputopu ikangolumikizidwa ku mikisa. Iye amazula tchaja n'kumvetsera. Phokoso likatha, wadziwa kuti gwero ndi magetsi, amene kuno kwathu amayenda pa ma hertz 50. Amatha kulumikiza zipangizo zonse pa soketi imodzi, kapena kuika kabokosi kolekanitsa pakati pa laputopu ndi mikisa. Chimene wodziwa sachita ndi kuthyola pini yaikulu ya pulagi, chifukwa pini imeneyo ndiyo imateteza wogwira mayikolofoni kuti asagwidwe ndi magetsi. Palinso kulira kobaya m'khutu kumene kumabwera mlaliki akaima patsogolo pa sipika. Mpingo wonse umacheuka, koma iye amakhala atatsitsa kale tchanelo choyenera, chifukwa anakumva kusanakule.

Ochepa okha anaphunzira zimenezi m'kalasi. Ambiri anayamba n'kunyamula masipika ndi kukulunga mawaya, akuonera mkulu wawo. Patapita nthawi anawalola kuwotcherera pulagi yoduka, kenako kugwira mikisa pa mwambo waung'ono. Zina amaziphunzira pa YouTube usiku, bandulo ikalola. Atsikana akadali ochepa m'ntchitoyi, ngakhale palibe chimene chimafuna mphamvu za mwamuna pomvetsera ndi posankha waya woyenera.

Malipiro nawo ndi osakhazikika. Wa ku situdiyo amalipidwa pa nyimbo iliyonse, wa zokuzira mawu pa mwambo uliwonse, pamene wa kutchalitchi kawirikawiri amangouzidwa kuti Mulungu amudalitse. Zipangizo pafupifupi zonse zimachokera kunja, choncho kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa mayikolofoni ngakhale wa waya unakwera. Mawaya achinyengo amene adzaza m'misika amaduka m'kati osaoneka kunja. Magetsi akazima pakati pa ntchito, nyimbo yosasungidwa yapita, ndipo jenereta yosakhazikika imatha kupsereza mikisa. Makutu nawo amavutika: akatswiri a zaumoyo amachenjeza kuti phokoso lopitirira ma decibel 85 kwa maola ambiri limawononga kumva, koma ambiri mwa anyamatawa amachezera pafupi ndi masipika popanda chotchinga. Ojambula nyimbo amakanganiranso umwini wa kaimbidwe kamene anapanga, chikhalirecho bungwe loona za umwini wa nyimbo la COSOMA lilipo kuyambira 1992 ndipo pangano lolemba likanathetsa mikangano yambiri.

Ntchitoyi ndi yofunika kuilemekeza monga timalemekezera ukalipentala kapena umakaniko. Okonza mwambo azimuitana mmisiri nthawi yabwino kuti ayese zipangizo anthu asanafike, ndipo malipiro ake aziwaika pa bajeti limodzi ndi a ophika ndi okongoletsa holo. Mipingo ndi wayilesi za m'madera zizitumiza achinyamata awo, atsikana omwe, kukaphunzira za magetsi ndi za mawu, ndipo sukulu za ntchito zamanja zimene TEVETA imayang'anira zingathandize kwambiri pophunzitsa luso limeneli mwadongosolo. Nawo amisiriwo aziphunzitsana moona mtima ndi kusamala makutu awo, chifukwa mayikolofoni ikawonongeka amagula ina, koma khutu likagontha ntchito yathera pomwepo.