Soya kapena usipa: agogo agulire chiti?

Mwezi wa April ukangofika, masikelo a mavenda amadzaza m'mphepete mwa msewu pa Nsaru, pa Kabudula ndi pa Namitete. Soya amatuluka m'midzi pa njinga ndi pa ngolo, ndipo mabanja ambiri amagulitsa yense osasiyako ndi ndowa imodzi yomwe. Pofika October, banja lomwelo limakhala likusowa ndiwo zopatsa agogo amene miyendo yayamba kuwakana.

Kufooka kwa minofu kobwera ndi ukalamba, komwe madokotala amati sarcopenia, kumafulumira munthu akamasowa zakudya zomanga thupi. Akatswiri a kadyedwe ku Ulaya amalangiza kuti okalamba azidya galamu 1 mpaka 1.2 ya mapuloteni pa kilogalamu iliyonse ya thupi lawo patsiku. Choncho agogo olemera makilogalamu 50 amafunika magalamu 50 mpaka 60. Nsima ndi masamba zokha sizifika pamenepo.

Tikaona mtengo, soya alibe mnzake. Kilogalamu imodzi ili ndi mapuloteni pafupifupi magalamu 360, pomwe dzira limodzi lili ndi 6. Ndiye kuti kilogalamu ya soya ikufanana ndi mathireyi awiri a mazira. Ogula afunse mitengo yonse iwiri pamsika, masamuwo sachedwa. Mtedza uli ndi magalamu 250 pa kilogalamu, nyemba zouma 210.

Komabe zanyama zili ndi mwayi wake, ndipo apa ndi pomwe ambiri amaphonya. Mapuloteni a m'mazira, nsomba ndi mkaka amagayika msanga, komanso ali ndi leucine wambiri, yemwe amathandiza thupi kumanga minofu. Vuto la okalamba ndi lakuti amadya pang'ono, mano adatha, ndipo mbale ya nyemba imawatupitsa mimba asanaifikitse pakati. Usipa wouma, womwe mapuloteni ake amaposa theka la kulemera kwake, umalowa bwino ukasinjidwa n'kuthiridwa m'phala kapena m'ndiwo zotendera. Kamulu kamodzi kamapita patali.

Nzeru yamalonda ndi yosunga thumba limodzi la soya, ena n'kugulitsa kuti papezeke ndalama ya usipa ndi mazira. Soya wosungidwayo akazingidwe kaye, chifukwa wosaphika ali ndi zinthu zolepheretsa chakudya kugayika. Kenako apite kuchigayo, muyeso umodzi wa soya pa miyeso 4 ya chimanga, momwe amapangira Likuni Phala. Anthu amaliona ngati phala la ana okha, koma agogo akulifunanso. Mtedza wa nsinjiro usankhidwe bwino. Wachuku, ngakhale utatsika mtengo chotani, ndi wosiya.

Okalamba odwala impso asawonjezere zakudyazi pawokha. Ayambe afunsa achipatala, monga ku St Gabriel's ku Namitete kapena ku Kabudula.