ASILIKARI ATHU KU MALAYA NDI NKHONDO YA MPUNGA

Ife a ku Kaporo tikamva dzina la Keyala timakumbukira nkhondo ya Ajeremani, pamene adani anaoloka Songwe, mfuti nizilira pa Karonga tsiku la 9 September 1914. Koma ilipo nkhondo ina imene ana a dziko lino anamenya kutsidya kwa nyanja yamcere, ndipo cimene cinaigamula ndi cinthu cimene ife ticidziwa bwino, ndico mpunga.

Dzikolo ndi Malaya. Masiku amenewo linali m'manja mwa Angerezi monga Nyasaland, ndipo cuma cace cinali mitengo ya mpira ndi migodi ya tini. M'mwezi wa June 1948 Akomyunisti, amene mtsogoleri wao anali Chin Peng, anapha Azungu atatu oyang'anira minda ya mpira ku Sungai Siput, nalowa m'nkhalango. Ambiri a iwo anali a mtundu wa ku China. Nkhondo anaiphunzira pomenyana ndi Ajapani, ndipo zina mwa mfuti zao anazilandira kale kwa Angerezi omwewo. Boma silinafune kuicha nkhondo, koma linaicha "Emergency", ndiko kunena nthawi ya zoopsa zadzidzidzi.

Kunapita asilikari a ku Britain, Agurkha, ndi a ku Fiji. Poyamba pa caka ca 1952 kunafika gulu loyamba la Keyala la Nyasaland pamodzi ndi gulu lacitatu la ku Kenya. Gulu lathu laciwiri linatsatira m'1953, nilibwerera m'1954.

Nkhalango ya kumeneko siinali ngati thengo lathu la miombo. Mitengo yace inatseka dzuwa, mvula inagwa kawiri-kawiri, zobvala sizinauma, misundu inalowa m'nsapato. Asilikari anayenda masabata osaona mdani ndi mmodzi yemwe, cakudya cao cikuponyedwa ndi ndege, ndipo patsogolo pao panayenda alenje a mtundu wa Iban ocokera ku Borneo, akatswiri a kulondola mapazi. Tsono akakomana ndi adaniwo, kuomberana kunatha msanga, iwo nazimiriranso m'masamba.

Akulu a nkhondo anazindikira kuti mdani wotere sagwidwa ndi mfuti yokha. Munthu wa m'nkhalango ayenera kudya, ndipo cakudya cace cinacokera kwa alimi osauka okhala m'mphepete mwa nkhalangoyo. Ena anapereka mwa cifuniro, ena mwa mantha, pakuti wokana anaphedwa. Cifukwa cace, kuyambira 1950, General Briggs anasamutsa anthu ngati 500,000, nawaika m'midzi yatsopano yozingidwa ndi waya waminga. Poturuka mamawa kunka ku nchito, munthu aliyense anafufuzidwa pacipata, kuti angatenge kathumba ka mpunga. M'midzi ina mpunga unaphikidwa pamodzi m'nkhali zazikuru, pakuti wophika uola msanga m'dziko lotentha. Ndi zakudya za m'zitini zinabooledwa pogulitsa pomwe.

Taganizani, inu amai amene mwapirira mbalame m'dambo la Lufilya, mwamweta, mwapuntha, mwapeta, kuti msilikari aime pakhomo kukuyeserani mpunga wa ana anu! Ku Tanjong Malim, m'March 1952, anthu 12 ataphedwa ndi obisalira, General Templer anatsekera mudzi wonse m'nyumba maola 22 pa tsiku, nacepetsa mpunga wao kufikira ataulula. Ine ndiyesa kuti njira imeneyi inalanga osacimwa pamodzi ndi ocimwa. Coipa coposa cinacitika ku Batang Kali m'December 1948, athu asanafike, kumene asilikari a Scots Guards anaombera anthu 24 opanda zida.

Komabe njala inacita cimene zipolopolo zinalephera. Akomyunisti anayamba kuturuka atawonda, nadzipereka, ndipo ena anatsogolera asilikari ku misasa ya anzao. Malaya inalandira ufulu pa 31 August 1957, ndi "Emergency" inatha m'1960, ngakhale Chin Peng sanasaine mtendere kufikira 1989.

Asilikari athu pobwera ku Zomba anapeza dziko lao lalowetsedwa m'Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland. Zaka zisanu zisanathe, pa 3 March 1959, boma linalengeza "Emergency" kuno kwathu, ndipo Keyala inatumidwa m'midzi ya dziko lace lomwe.