Anastasia Msosa: Mayi Woyamba Kukhala Jaji ku Malawi

Ku Namwera mkangano wa malire a munda kapena wa m'banja umayambira kwa ankhoswe ndi kwa amfumu. Zikavuta, anthu amapita kukhoti. Wosakhutira ndi chigamulo cha majisitireti amakachita apilo ku Khoti Lalikulu, ndipo pamwamba pa onse pali Khoti la Supreme. Kufikira 1992, majaji a makhoti awiri apamwambawa anali amuna okhaokha. Amene anasintha zimenezi ndi Mayi Anastasia Msosa.

Amene anawalambulira njira

Loya woyamba wamkazi m'dziko muno anali Vera Chirwa, yemwe anavomerezedwa kugwira ntchitoyi ku London mu 1966. Mu 1981 anamangidwa pamodzi ndi amuna awo, Orton Chirwa. Mlandu wawo unazengedwa kubwalo la mafumu, komwe maloya sankaloledwa kuimira munthu, ndipo mu 1983 onse awiri anagamulidwa kuti anyongedwe. Orton anamwalira m'ndende ya Zomba mu 1992. Vera anatulutsidwa mu 1993. Mayi Msosa anayamba ntchito m'nyengo yoteroyo, pamene kudziwa malamulo kunkatha kumuika munthu m'mavuto.

Loya wa anthu osauka

Mayi Msosa anabadwa mu 1950 ndipo anaphunzira zamalamulo ku Chancellor College. Anayamba ngati loya wa boma, kenako anakhala zaka zambiri kunthambi ya Legal Aid, yomwe imaimira anthu osatha kulipira loya. Kumeneko ndi kumene kumafika amasiye olandidwa katundu, antchito ochotsedwa popanda malipiro, ndi oganiziridwa milandu ikuluikulu omwe alibe wowalankhulira. Jaji amene wadutsa kumeneko amadziwa kuti munthu wochita chibwibwi pamaso pa khoti sikuti ndi wabodza. Nthawi zambiri amakhala ndi mantha chabe. Mu 1992 anasankhidwa kukhala jaji wa Khoti Lalikulu, mayi woyamba paudindowu.

Chisankho cha 1994

Pa referendamu ya pa 14 Juni 1993 Amalawi anasankha chizindikiro cha nyali m'malo mwa tambala wakuda, kutanthauza kuti akufuna matipate. Funso linatsala: ndani awerenge mavoti moti mbali zonse zikhulupirire? Udindo wotsogolera bungwe loyendetsa chisankho unapatsidwa kwa Jaji Msosa.

Ntchitoyi inali yolemera. Kunali kulembetsa ovota m'dziko lonse, kuyambira midzi ya kumalire ngati Chiponde mpaka zilumba za Likoma ndi Chizumulu, kufikitsa mabokosi ndi mapepala m'malo ovuta misewu, komanso kutsimikizira anthu ozolowera mantha kuti voti yawo ndi yachinsinsi. Mmodzi mwa opikisana anali Dr. Hastings Kamuzu Banda, amene analamulira dziko zaka 30. Pa 17 Meyi 1994 anthu anavota. Bakili Muluzi, yemwe anapeza mavoti ochuluka zedi kuno ku Mangochi, anapambana, ndipo Kamuzu anavomera kugonja. Boma linasintha popanda nkhondo. Chimene chinafunika apa ndi chomwecho chimene chimafunika pa mlandu: kumva mbali zonse ndi kunena zimene umboni ukuonetsa, posayang'ana nkhope. Jaji Msosa anatsogoleranso chisankho cha 2009.

Mkulu wa majaji

Iwo analinso mayi woyamba kukhala jaji wa Khoti la Supreme. Mu 2013, Lovemore Munlo atatula pansi udindo wa mkulu wa majaji onse, Pulezidenti Joyce Banda anasankha Mayi Msosa kutenga udindowo, ndipo Nyumba ya Malamulo inavomereza. Anapuma mu 2015 atakwanitsa zaka 65, ndipo Andrew Nyirenda ndiye analowa m'malo mwawo.

Njira ya mtsikana wa lero

Ujaji subwera mwamwayi. Mtsikana ayenera kukhoza bwino MSCE, kuphunzira zamalamulo kuyunivesite, ndi kuvomerezedwa ngati loya. Malamulo oyendetsera dziko amafuna zaka zosachepera 10 kuchokera pamenepo asanasankhidwe kukhala jaji wa Khoti Lalikulu. Ulendowu umathera panjira mwana akakwatiwa msanga, vuto lomwe anthu a ku Mangochi akulidziwa bwino, ngakhale kuti kuyambira 2017 malamulowo amaletsa ukwati wa aliyense wosakwana zaka 18. Makhoti anatseguka kale kwa amayi. Chatsala n'chakuti makolo, mafumu, masheikh ndi abusa a ku Namwera aonetsetse kuti atsikana awo akumaliza sukulu.