Luka sing'anga ndi mkangano wa zithunzi m'chalichi

Abale ndi alongo, ena mwatifunsa ngati kalenda ya cithunzi ca Yesu imene ili pa cipupa kunyumba kwanu ku Kabwata kapena ku Chelstone ndi fano. Funso lotere linagwedeza ufumu wa Byzantium zaka zoposa 100.

Ca m'ma 726 Mfumu Leo III wa ku Constantinople anayamba kutsutsa zithunzi zopatulika, ndipo mu 754 msonkhano wa ku Hieria, woitanidwa ndi mwana wake Constantine V, unaziletsa. Anatsamira pa lamulo laciwiri la pa Eksodo 20. Ife Apulotesitanti mwina tayamba kale kuomba m'manja. Tadekhani.

Okana lamulo la mfumu anali ndi mboni yao, sing'anga Luka wa pa Akolose 4:14. Mwambo wao unali wakuti Luka anajambula Mariya atanyamula Mwana. Baibulo silinena zimenezo, ndipo ife sitiphunzitsa zimenezo. Koma cimene anali kuteteza si nkhani yaing'ono. John wa ku Damascus, amene anali kukhala pansi pa ulamuliro wa Asilamu kumene dzanja la mfumu silinafike, analemba kuti Mulungu wosaoneka sajambulika, koma Mwana atakhala munthu anali ndi nkhope imene anthu anaiona. Kwa iwo, kunena kuti Khristu sangajambulidwe kunali pafupi ndi kukana kuti anali ndi thupi lenileni, lija sing'anga angaligwire ndi manja.

Anavutika nazo. M'masiku a Mfumu Theophilos, mmonke wojambula dzina lake Lazaros anamuocha zikhatho ndi citsulo camoto. Msonkhano wa ku Nicaea unabwezeretsa zithunzi mu 787, zinaletsedwanso mu 815, kufikira Mfumukazi Theodora anatseka nkhaniyo mu 843.

Kuno ku Lusaka kusiyana kulipobe. Abale a Reformed Church in Zambia amaphunzira Katekisimu wa Heidelberg wa 1563, amene amati Akhristu aphunzitsidwe ndi ulaliki wa Mau, osati ndi zithunzi m'chalichi. Pamene ku Cathedral of the Holy Cross ya Anglican, kuwala kumalowa kudzera m'magalasi amitundumitundu.

Tsono kalenda ija. A Nicaea ndi a Heidelberg onse amati kupembedza n'kwa Mulungu yekha. Apatukana pa kupsompsona cithunzi ndi kuciweramira: a Nicaea analola monga ulemu wopita kwa wojambulidwayo, a Heidelberg anakana.