Mikanda ya pazenera: chomera chimene sichifuna zambiri za pa shelefu yathu

M'manazale a maluwa a ku Johannesburg, kumene abale athu ambiri ochokera ku Malawi amagwira ntchito, muli chomera china cholendewera m'miphika yopachika. Masamba ake ndi obulungira ngati nsawawa zotungidwa pa ulusi. Ogula amachitcha string of pearls. Ife tichitcha mikanda, pakuti ndi mmene chimaonekera. Chimakondedwa ndi anthu okhala m'nyumba zosanja, amene alibe bwalo lodzalapo kanthu. Chimafanso msanga, ndipo kawirikawiri zimene zimachipha zimachokera pa shelefu ya ife ogulitsa: dothi lakuda losunga madzi, mphika wopanda chibowo pansi, ndi feteleza.

Kwawo kwa chomerachi ndi kumadera ouma a ku Cape. Katswiri wa ku Germany, Hermann Jacobsen, anachilemba m'mabuku a sayansi mu 1968 ndi dzina loti Senecio rowleyanus, polemekeza Gordon Rowley wa ku Britain. Lero chimatchedwa Curio rowleyanus. Kuthengo sichilendewera konse. Chimayanga pansi, pamthunzi wa zitsamba ndi miyala, ndipo paliponse pamene tsinde lakhudza nthaka pamatuluka timizu tatifupi. Tsamba lililonse ndi nkhokwe ya madzi, ndipo lili ndi kamzere koonekera mkati kamene kamalowetsa kuwala. Wogulitsa amene wamvetsa zimenezi wadziwa kale uphungu wonse woyenera kupereka.

Tiyambe ndi madzi, poti ndi pamene pagona vuto. Ife tinazolowera chimanga ndi tomato, mbewu zimene zikafota timathamangira khasu ndi kheni. Mikanda ikayamba kuchita makwinya, wogula nayenso amathira madzi, osadziwa kuti nthawi zina makwinyawo akusonyeza kuti mizu yaola kale ndipo singathenso kumwa. Pali kusiyana: tsamba la ludzu limachita makwinya koma limakhala louma, pamene tsamba lokhuta madzi limafewa, limachita phalaphala ndi kuthothoka lokha. Wogula timuuze kuti abaye kamtengo mpaka pansi pa mphika. Kakatuluka konyowa, adikire. M'miyezi yotentha kuthirira kamodzi pa masabata awiri kumakwanira m'nyumba zambiri, ndipo m'nyengo yozizira kamodzi pa mwezi. Akathirira, athirire mpaka madzi atuluke pansi, kenako ataye otsalira m'mbale.

Dothi likhale theka la m'thumba la maluwa, theka mchenga wokhakhala wa kumtsinje kapena perlite. Mphika ukhale wosazama, makamaka wadothi wootcha, umene umauma msanga kuposa wapulasitiki. Tikudziwa kuti mphika waukulu wonyezimira umabweretsa ndalama zambiri pa kauntala, koma wogula amene chomera chake chaola pakangotha mwezi sabweranso, ndipo amauzako anzake. Feteleza wamadzi wochepetsedwa mphamvu ndi theka, kamodzi kapena kawiri pa chaka, ndi wokwanira.

Johannesburg ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo dzuwa la kumeneko limaluma. Zenera loyang'ana kum'mawa ndiye labwino. Lakumadzulo limawaula masamba masana. Lakumpoto limathandiza mu June ndi July, dzuwa likatsika, koma usiku wa miyezi imeneyi kumagwa chisanu, choncho mphika usagundane ndi galasi. Cholakwa chimene timachiona kwambiri ndi kupachika mphika pafupi ndi denga: zingwe zolendewera zimalandira kuwala, pamene pamwamba pa mphika, pamene pali mizu, pamakhala mdima ndi chinyezi. Chomeracho chimayamba dazi pakati, kenako chimaola.

Chilombo chake chachikulu ndi cha mtundu wa kodikodi, wachibale wa uja amene amavutitsa chinangwa. Chimabisala pamfundo ngati kathonje koyera. Pa mphika umodzi wa m'chipinda chogona sipafunika botolo la mankhwala a kumunda. Thonje loviika mu spiriti limachotsa. Tisaiwalenso kuchenjeza makolo: mikandayi imaoneka ngati chakudya, koma imadwalitsa mwana, galu kapena mphaka akaidya.

Alimi a mbewu angafune kudziwa kuti chomerachi ndi cha banja limodzi ndi mpendadzuwa ndi chisoso. Chimachita timaluwa toyera tonunkhira ngati sinamoni, koma njere zake zimavuta kumera, ndiye malonda ake onse ayenda pa zodula. Chingwe chotalika ngati chikhatho chimasiyidwa tsiku limodzi kapena awiri kuti bala liume, kenako chimagonekedwa pamwamba pa dothi ndi kuchipanikiza pang'ono. Mizu imatuluka pakapita masabata ochepa. Apa tanthauzo lake ndi lomwelo la chinangwa ndi mbatata: matenda a mayi amapita kwa mwana, choncho mphika wodulapo mbewu uzikhala pawokha ndipo uziyenderedwa.

Kwa amene akuganiza zotengera zomerazi kumudzi pa basi yodutsa Beitbridge, Tete ndi Mwanza, lamulo la zomera silisiyanitsa duwa ndi mbewu ya chimanga. Pamafunika chilolezo cholowetsera chomera m'dziko ndi chikalata chotsimikizira kuti chilibe matenda. South Africa yakhwimitsanso maso pa zomera za mtundu wosunga madzi chifukwa cha kuba kwa zomera zakuthengo ku Northern Cape, kumene kunachititsa kuti mu 2023 mtundu wa Conophytum ulowe m'ndandanda wa CITES. Mikanda siili m'gulu limenelo, koma wapachipata sadzayamba wafunsa dzina la sayansi akaona katoni ya zomera zopanda mapepala. Tigule kwa nazale yodziwika, ndipo lisiti lake liyende limodzi ndi katunduyo.