Kodi Duwa la Gardenia Lingapulumuke Chisanu cha Kunja?

Pa tchuthi chapitachi azakhali anga amene amagwira ntchito ya unamwino ku Manchester, m'dziko la England, adatitumizira chithunzi chomvetsa chisoni. Chidali chithunzi cha kamtengo ka maluwa kotchedwa gardenia, masamba ake atada bii ngati awauka ndi moto. Iwo adagula duwali chifukwa fungo lake limawakumbutsa maluwa a khofi a ku Thyolo kumene adakulira. Tsono atalisiya pakhonde m'mwezi wa January, lidafota m'masiku ochepa okha. Funso lawo lidali lakuti: kodi duwa limeneli lingakhale panja nthawi yachisanu? Ine nditabwerera kusukulu ndidafufuza nkhaniyi, ndipo ndati ndikugawireniko zimene ndidapeza.

Poyamba tidziwe kwawo kwa mtengowu. Gardenia amene anthu amabzala kwambiri, dzina lake la sayansi ndi Gardenia jasminoides, ndipo adachokera kumwera kwa China, Taiwan, Vietnam ndi Japan, kumene kumakhala kofunda ndi kwa chinyontho. Adafika ku England m'zaka za m'ma 1750, ndipo adamutcha dzinali polemekeza Alexander Garden, dokotala wa ku Scotland amene ankakhala ku Charleston, ku America. Chidandisangalatsa n'chakuti azakhali sadalakwe pa za fungo lija, pakuti gardenia ndi khofi ndi a banja limodzi lotchedwa Rubiaceae. Ngakhale m'tchire mwathu muno muli achibale ake, monga Gardenia ternifolia.

Nanga chisanu chimapha bwanji mtengo? Tidaphunzira mu Biology kuti tsamba lili ndi timaselo todzaza madzi. Kuzizira kukatsika kupitirira 0°C, madzi a m'tsamba amayamba kuundana, ndipo madzi oundanawo amaumitsa ndi kung'amba timaseloto. N'chifukwa chake tsamba limada ndi kulefuka dzuwa likatuluka. Alimi a ku Dedza amazidziwa bwino zimenezi, poti m'miyezi ya June ndi July chisanu chimawaukira mbewu zakudimba.

Vuto lachiwiri ndi lakuti gardenia sayoyola masamba. Mitengo yambiri ya kumaiko ozizira imagwetsa masamba onse nyengo yachisanu isanafike, n'kukhala ngati yagona tulo. Koma gardenia amakhala wobiriwira chaka chonse, choncho mphepo yozizira imapitiriza kuchotsa madzi m'masamba mwake pamene nthaka yaundana ndipo mizu siingathe kumwa. Mtengowo umafa ndi ludzu pakati pa madzi oundana.

Tsono yankho la funso lija lili patatu. Choyamba ndi mtundu wa gardenia. Mitundu wamba, ikakhwima m'nthaka, imayamba kuwonongeka kwambiri kuzizira kukafika cha m'ma -7°C mpaka -10°C. Pali mitundu ina yopirira imene alimi a maluwa adasankha, monga Kleim's Hardy, Frostproof ndi Chuck Hayes, imene imatha kupulumuka kuzizira koposa pamenepa ikakhala pamalo obisika. Koma kumadera monga Moscow kapena pakati pa dziko la Canada, kumene kumazizira mpaka -25°C, palibe gardenia amene angakhale panja n'kuona chaka china.

Chachiwiri ndi kumene mtengowo udakulira. Gardenia ambiri ogulitsidwa m'masitolo a ku Britain amaleredwa m'nyumba zamagalasi zofunda, ndipo ndi oti azikhala m'nyumba. Sadazolowere mphepo ngakhale pang'ono. Chachitatu ndi mphika. Mtengo wobzalidwa pansi mizu yake imafunditsidwa ndi nthaka, pamene wa mumphika chisanu chimauzinga mbali zonse, ndipo mizu ndi yosalimba kuzizira kusiyana ndi nthambi. Apa m'pamene padagona tsoka la azakhali: mtengo wawo udali wa m'nyumba, udali mumphika, ndipo udagona panja.

Kwa amene ali kumalo kozizira pang'ono ndipo akufuna kuyesa, malangizo ndi awa. Asankhe mtundu wopirira, aubzale nyengo yofunda ikungoyamba kuti mizu igwire msanga. Aubzale pafupi ndi khoma lotchinga mphepo, m'nthaka yosasunga madzi ndiponso ya asidi pang'ono, ya pH 5 mpaka 6.5. Aphimbire patsinde ndi masamba ouma kapena makungwa, monga tichitira ndi nazale ya fodya, ndipo usiku wozizira kwambiri aufunditse nsalu, osati pulasitiki yokhudza masamba. Asathire feteleza kapena kudulira chisanu chili pafupi, chifukwa mphukira zanthete ndizo zimayamba kufa. Amene ali kozizira kwambiri asunge mtengowo mumphika ndi kuulowetsa m'nyumba chisanu choyamba chisanagwe, pafupi ndi zenera lowala, kutali ndi chotenthetsera nyumba.

Nanga mtengo wowauka kale tiutaye? Ayi, tisafulumire. Tidikire nyengo yofunda, kenaka tipale khungwa pang'ono ndi chikhadabo. Ngati m'kati muli mobiriwira, moyo ulipo, ndipo tingodula nthambi zouma zokha. Izi ndizo ndidawalembera azakhali. Iwo adapala nthambi zonse n'kupeza zouma, koma cha kutsinde kudali kobiriwira, choncho adaulowetsa m'nyumba ndipo tonse tikudikira.

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Musanagule mtengo uliwonse, yambani mwafunsa kwawo ndi kuti, ndiponso kuzizira kumene ungapirire. Ife a kuno tili ndi mwayi pakuti m'madera ambiri a dziko lathu gardenia angathe kukhala panja chaka chonse, bola apeze madzi okwanira ndi kamthunzi masana.